Tisanabadwe Tidali Kuti? Funso Limene Lafika m'Makonde a ku Chilobwe

Aliyense amene amayenda kawirikawiri m'misewu yolumikiza Zingwangwa, Chilobwe ndi Chimwankhunda, kapena amene amapumulira pakhonde dzuwa likapendeka, wawaonapo ndithu anyamata aja oyenda awiriawiri, ovala malaya oyera ndi tayi ngakhale mu Okutobala nthaka ikuotcha mapazi, okhala ndi kachikwangwani kakuda pachifuwa, amene amaodira mwaulemu, nakhala pamene awalozera, nakana tiyi ndi ulemu womwewo popeza chipembedzo chawo chimaletsa tiyi ndi khofi pamodzi ndi mowa ndi fodya. Ena a iwo ndi azungu, ena ndi ana a mu Africa momwemuno. Iwowa ndiwo amishonale a Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, umene dziko lidazolowera kuutchula kuti wa Mormon, ngakhale eni ake adapempha mu 2018 kuti dzina lachidulelo lilekeke. Ndipo ife tikalitchula apo ndi apo m'nkhani ino, tikutero pofuna kusunga malo a nyuzipepala, popanda chipongwe chilichonse. Mpingowu udayamba pa 6 Epulo 1830 m'chigawo cha New York, motsogozedwa ndi mnyamata wa zaka 24 dzina lake Joseph Smith. Kwathu kuno udazika mizu mochedwa, m'zaka za m'ma 1990, nthambi yake ya pamudzi wa Sitima kufupi ndi Liwonde nikhazikitsidwa mu 1999, ndipo ya ku Blantyre idatsatira pambuyo pake.

Mwininyumba akawapatsa mpata, anyamatawa amakonda kuyala mafunso atatu: tidachokera kuti, tadzatani pansi pano, ndipo tikupita kuti. Awiri otsirizawo si achilendo, pakuti amamveka pa maliro alionse; koma loyambalo ndilo limadzidzimutsa, chifukwa mipingo yonse imene yadzaza Chilobwe, kuyambira CCAP, Katolika ndi Seventh Day kufikira timipingo ta Chipentekoste topemphera m'makalasi a sukulu Lamulungu, ngakhale imakangana usiku ndi usana pa za ubatizo, Sabata ndi chakhumi, pa chinthu chimodzi ichi imagwirizana mosaumirizana, kuti moyo wa munthu umayambira m'mimba mwa mayi wake. Akulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo kakuthwa kamameta ndiponso kamatema, ndipo n'chifukwa chake kuli koyenera kukayang'anitsitsa tisanapereke mutu.

Chiphunzitso chawo, tikachifotokoza monga eni ake amachifotokozera, chili motere. Munthu aliyense, asanavale thupi, adakhala kumwamba monga mwana wauzimu wa Atate ndi Amayi akumwamba, wokhala ndi nzeru zake, ufulu wake wosankha, ndiponso umuna kapena ukazi wake, monga chikalata chawo chonena za banja chidatsimikizira mu 1995. Kumeneko kudachitika bwalo lalikulu, pamene Atate adayala chikonzero chakuti ana awo atsikire padziko, alandire matupi, ayesedwe, ndipo akapambana abwerere okhwima kufikira kufanana ndi Iwo. Lusifala adadzipereka kuti adzapulumutsa onse osatayikapo mmodzi, koma powalanda ufulu wosankha ndi kudzitengera ulemerero. Yesu, mwana woyamba kubadwa mwa mizimu yonseyo, adavomera chifuniro cha Atate. Padabuka nkhondo, gawo limodzi mwa magawo atatu a mizimu lidatsata Lusifala nilimanidwa matupi kwamuyaya, ndipo otsalawo ndife, amene pobadwa timaphimbidwa ndi chinsalu cha kuiwala kuti tiyende mwa chikhulupiriro.

Tisanyoze msanga, pakuti chiphunzitsochi chili ndi kukoma kwake. Mwana wamasiye amene wakulira pakhomo pa amalume ake akumva tsiku ndi tsiku kuti ndi mtolo, akauzidwa kuti adali mwana wa mfumu nthaka isanaumbidwe, ndi kuti adasankha bwino pa bwalo la kumwamba, amadzuka ndi mtima wina. Mayi amene waika khanda lake, pakati pa mtundu umene mwambo wake wakale unkasiya maliro a mtayo m'manja mwa amayi okha popanda kulira kwa mudzi, akamva kuti mwanayo adali munthu wathunthu kalekale, ndi kuti, monga mpingowu umaphunzitsira, ana onse omwalira asanakwanitse zaka 8 amalandiridwa mu ulemerero wapamwamba, amapeza popumira. Makolo athu adasinkhasinkha kwambiri za kumene akufa amapita, natisiyira nzeru zochuluka za mizimu ndi nsembe. Adasimbanso za mwamuna ndi mkazi oyamba amene adatsika kuchokera kumwamba pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, nasiya mapazi awo pathanthwe. Koma za kumene khanda la lero lidali chaka chatha sadatisiyire bwalo kapena nkhondo, ndipo pamalo opanda kanthu otere mawu atsopano amalowa mosavuta.

Komabe umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Nkhani yonse ya bwalo, ya kudzipereka kwa Lusifala ndi ya mizimu yosankhidwa siipezeka m'Buku Lopatulika, ndipo ngakhale Buku la Mormon lenilenilo, losindikizidwa mu 1830, silinenapo zambiri. Idakula pang'onopang'ono m'zaka 14 za utsogoleri wa Smith. Mu Meyi 1833, ali ku Kirtland m'chigawo cha Ohio, adalemba vumbulutso limene lero ndi gawo 93 la buku lawo la Chiphunzitso ndi Mapangano, lonena kuti munthu naye adali ndi Mulungu pachiyambi, ndi kuti nzeru ya mwa munthu siidalengedwe ndipo singalengedwe. Mu 1835 iye ndi anzake adagula kwa munthu wina woyendayenda, Michael Chandler, mitembo youmikidwa ya ku Igupto pamodzi ndi mipukutu ya gumbwa. Kuchokera m'mipukutuyo Smith adatulutsa Buku la Abrahamu, losindikizidwa mu 1842, ndipo mutu wake wachitatu ndiwo mzati wa chiphunzitso chonsechi, pakuti umasimba za Abrahamu akuonetsedwa mizimu dziko lisanakhalepo, pakati pake pali ina yomveka ndi yaikulu imene Mulungu adaisankha kuti idzakhale olamulira. Pa 7 Epulo 1844, miyezi yosakwana itatu asanaphedwe m'ndende ya ku Carthage, Illinois, Smith adalalikira pokumbukira mnzake King Follett kuti Mulungu mwini adali munthu kale monga ife, ndi kuti mzimu wa munthu ulibe chiyambi.

Mipukutu ija idaganiziridwa kuti idapsa yonse pa moto waukulu wa ku Chicago mu 1871, koma zidutswa zake zidapezeka ku Metropolitan Museum ya ku New York nizibwezedwa kwa mpingowo mu 1967. Ndipo akatswiri a chilembo cha Aigupto, a mumpingomo ndi akunja omwe, adaziwerenga napeza kuti ndi malemba a maliro amene ankaikidwa pamodzi ndi akufa, olembedwa zaka mazana ambiri Abrahamu atapita, osatchula dzina lake n'kamodzi komwe. Mpingowo umavomera zimenezi poyera, numayankha kuti mwina gawo limene Smith adamasulira ndilo lidatayika, kapena kuti mipukutuyo idangokhala chodzutsira vumbulutso. Wowerenga aweruze yekha. Koma adziwe kuti mzati uja waima pa nthaka yotere.

Tsono popeza nyumba zambiri za Akhristu m'Chilobwe zili ndi Baibulo, kaya ndi Buku Lopatulika lakale lija la ku Nkhoma kapena Buku Loyera la 1998, amishonale amatsegula mavesi amene mwininyumba amawadziwa kale. Loyamba nthawi zonse ndi Yeremiya 1:5, pamene Yehova auza mneneriyo kuti adamudziwa ndi kumupatula asanamuumbe m'mimba. Vesili n'lokongola, koma likunena za kudziwa kwa Mulungu; silikunena kuti Yeremiya adamudziwa Mulungu, kapena kuti adalankhula, adasankha, adamenya nkhondo. Mmisiri waluso amaiona nyumba yonse m'mutu mwake, zipinda ndi mazenera ake, dothi la njerwa lisanapondedwe n'komwe, koma palibe amene anganene kuti nyumbayo idaimapo kale kwina. Momwemonso wamasalimo, pa Salimo 139, akuti masiku ake adalembedwa m'buku pasanakhale ndi limodzi lomwe. Ndipo Paulo, pa Aroma 4:17, amatcha Mulungu woitana zimene kulibe ngati kuti zilipo.

Lachiwiri ndi Yobu 38, pamene Mulungu afunsa Yobu kumene adali pomwe maziko a dziko ankaikidwa, ana a Mulungu akufuula ndi chimwemwe. Amati funsolo likusonyeza kuti Yobu adali penapake, pakati pa ofuulawo. Koma wowerenga mutu wonsewo, osati vesi limodzi, adzaona kuti ndi mvula ya mafunso yogwetsa munthu wodzikuza, ndi kuti pa vesi 21 Mulungu amachita kumuseka Yobu, ngati kunena kuti inu agogo a masiku ambiri mudalipotu nthawi imeneyo. Ndipo yankho la Yobu ndi kugwira pakamwa. Mlaliki 12:7 amatchulidwanso, ponena kuti mzimu umabwerera kwa Mulungu amene adaupereka, ndiponso Ahebri 12:9 pamene Mulungu atchedwa Atate wa mizimu. Pamenepa pali kamphamvu ndithu. Koma chopatsidwa chimabwerera kwa wopatsa popanda kufunika kuti chikhale ndi mbiri ya moyo wina m'mbuyo, ndipo Zekariya 12:1 amaika kuumbidwa kwa mzimu wa munthu m'kati mwa munthuyo. Pa Genesis 2:7 dothi ndilo liyamba, mpweya nutsatira, ndipo pokhapo munthu akhala wamoyo. Paulo naye, pa 1 Akorinto 15:46, amaika chachibadwidwe patsogolo ndi chauzimu pambuyo.

Koma pamene mlandu umathera, m'kuona kwanga, ndi mu Uthenga wa Yohane. M'buku limenelo kukhalapo asanabadwe ndicho chizindikiro chimene chimalekanitsa Yesu ndi anthu ena onse. Yohane Mbatizi, amene adabadwa miyezi isanu ndi umodzi Yesu asanabadwe, amachitira umboni kuti wobwera pambuyo pakeyo adalipo iye asanakhale. Kwa Nikodemo Yesu amadzitchula yekha kuti ndiye wotsika kumwamba. Pa mutu 8 amauza omumvera kuti iwo ngochokera pansi pamene Iye ngwochokera kumwamba, ndipo atanena kuti adalipo Abrahamu asanakhale, anthu adatola miyala. Ngati mlimi aliyense wa ku Galileya adatsika kumwamba, mawu onsewa asanduka madeya, ndipo miyala ija idatoledwa pachabe. A Mormon amayankha kuti Yesu ndiye woyamba ndi wamkulu mwa mizimu, Yehova wa Chipangano Chakale. Koma pamenepo kusiyana kwa Iye ndi ife kwakhala kwa mkulu ndi mng'ono m'banja limodzi, pamene Baibulo, kuyambira Genesis kufikira Chivumbulutso, limasunga phompho pakati pa Mlengi ndi cholengedwa. Kusiyana kumeneku pa za umunthu wa Mulungu ndiko kudachititsa likulu la Katolika ku Vatican kulengeza mu 2001 kuti silivomereza ubatizo wa mpingowu, chinthu chimene silichita ndi ubatizo wa a CCAP kapena a Anglican.

Chilungamo chifuna tinenenso kuti Smith sadali woyamba kuganiza zotere, ndi kuti mkanganowu udayambira pa nthaka ya Africa. Buku la Nzeru za Solomoni, limene lili m'Baibulo la Akatolika, pa mutu 8 lili ndi mawu amene ena amawamva ngati onena za mzimu wabwino wolowa m'thupi. Origen wa ku Alexandria, mphunzitsi wozama wa m'zaka za m'ma 200, adaphunzitsa kuti mizimu yonse idalengedwa yofanana pachiyambi, ndipo idatsikira m'matupi monga mwa muyeso wa kuzirala kwa chikondi chake pa Mulungu. Tertullian wa ku Carthage adati mzimu umachokera kwa makolo pamodzi ndi thupi. Augustine wa ku Hippo adalembera Jerome mu 415 kupempha thandizo pa funsoli, nafika kumapeto a moyo wake osalimasula, ndipo chalaka bakha nkhuku singatole. Koma onsewa, ngakhale Origen yemwe, adagwirizana kuti mzimu ndi cholengedwa. Ndipo maganizo a Origen adatsutsidwa mu 543 pa lamulo la mfumu Justinian, natsutsidwanso pa nthawi ya msonkhano wa ku Constantinople mu 553.

Chofunika kuchisunga ndi chimene chidamukankha Origen. Iye adafuna kuteteza chilungamo cha Mulungu: ankafuna kufotokoza chifukwa chake wina amabadwa mfumu wina kapolo, wina wamaso wina wakhungu, Yakobo wokondedwa ndi Esau wokanidwa, napeza yankho lakuti aliyense akukolola zimene adafesa asanabadwe. Pamenepa ndi pamene pali kuthwa kwa kalumo kaja, pakuti chiphunzitso chilichonse chimene chimafotokoza malo a kubadwa kwa munthu ndi ntchito zimene palibe angazikumbukire kapena kuzikana chimasanduka msanga chikwapu m'dzanja la wokhuta. Paulo adatseka khomo limenelo pa Aroma 9:11, ponena kuti mapasa aja adasankhidwa asanabadwe, asanachite chabwino kapena choipa.

Sitikunena za choopsa chongoganizira. Smith ali moyo, munthu wakuda dzina lake Elijah Abel adadzozedwa unsembe mu 1836. Koma mu 1852 wolowa m'malo mwake, Brigham Young, adalengeza ku Utah kuti anthu a mtundu wa Africa sangalandire unsembe, ndipo pambuyo pake amuna ndi akazi akuda adatsekeredwanso kunja kwa miyambo ya m'kachisi imene, mwa chiphunzitso chawo, imamanga banja kwamuyaya. Young adatsamira pa temberero la Kaini, koma ena adatembenukira ku moyo wa kumwamba uja. Mtumwi wawo Orson Hyde adayamba kale mu 1845 kunena kuti mizimu imene siidalimbe pa nkhondo ija ndiyo idabadwira mwa akuda. Mu Ogasiti 1949 utsogoleri wapamwamba wa mpingowo udalemba kuti khalidwe la mizimu isanabadwe limakhudza mkhalidwe umene imabadwiramo. Ndipo buku lotchuka la 1958 la mmodzi wa atsogoleri awo, Bruce R. McConkie, lidafalitsa maganizo omwewo m'nyumba zambirimbiri. N'chifukwa chake amishonale amene adafika ku Cape Town mu 1853 adatha zaka 125 akulunjika makamaka kwa azungu, pamene ku Ghana ndi ku Nigeria anthu monga Joseph William Billy Johnson ndi Anthony Obinna adasonkhanitsa okha makamu a okhulupirira, nadikira ubatizo zaka zambiri.

Chiletsocho chidachotsedwa mu Juni 1978 pansi pa mtsogoleri wawo Spencer W. Kimball, ndipo mu Disembala 2013 mpingowo udafalitsa chikalata chokana poyera maganizo onse akuti khungu lakuda ndi temberero kapena chizindikiro cha kulakwa kwa munthu asanabadwe. Kukana kumeneku n'koyamikika, ndipo mnyamata wa ku Zimbabwe kapena wa ku Ndirande amene wavala kachikwangwani lero sayenera kusenzetsedwa mlandu wa Hyde. Koma funso limene mwininyumba ali nalo ufulu wofunsa ndi ili: ngati atumwi ndi aneneri a mpingo adagwiritsa chiphunzitsochi molakwa kwa zaka zoposa 100, akukhulupirira ndi mtima wonse kuti akunena zoona, nanga chotsalacho tichiyese ndi muyeso uti, popeza mutu wachitatu wa Buku la Abrahamu ukadalekanitsabe mizimu yomveka ndi ina wamba?

Anthu a ku Chilobwe safuna wowaphunzitsa kulemera kwa funso lakuti chifukwa chiyani ine. Mu Januwale 2015 madzi ochokera m'phiri la Soche adagwetsa nyumba ndi kutenga miyoyo. Ndipo pa 12 ndi 13 Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakhuthula mvula masiku otsatizana, napolo adatsika m'phirimo ndi matope ndi miyala yaikulu, nakwirira mabanja athunthu. Opulumuka adathawira m'masukulu monga Naotcha ndi Manja, mitembo idadzaza nyumba yachisoni ya ku chipatala cha Queens, ndipo pa 15 Malichi Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adakhala nawo pa mwambo wa maliro a anthu ambiri pamodzi ku Chilobwe komweko. M'dziko lonse akufa ndi osowa adapitirira 1,000. M'masiku amenewo mkamwa mwa anthu mudatuluka zifukwa zamitundumitundu, ena akuti ndi mkwiyo wa Mulungu pa machimo a mumzinda, ena akuti ndi mizimu ya m'phiri. Ndipo sindikunena kuti a Mormon adanenapo kanthu kotere, pakuti chiyeso chofuna tchimo lobisika mwa wovutika chili mwa ife tonse, a mipingo yonse.

Yesu adafunsidwa funso lomwelo maso ndi maso. Pa Yohane 9 ophunzira ake, ataona munthu wosaona chibadwire, adafunsa ngati adachimwa ndi iyeyo kapena makolo ake. Amishonale amati funsolo likutsimikiza kuti ophunzira ankakhulupirira za moyo wa munthu asanabadwe, ndipo n'zotheka kuti ena mwa Ayuda a nthawiyo ankaganiza choncho; koma funso la wophunzira si chiphunzitso cha mphunzitsi, ndipo Mphunzitsiyo, amene yekha akadatha kusimba za bwalo lija ngati lidachitikadi, adakana mbali zonse ziwiri, nakanda thope, napaka m'maso mwa munthuyo, namutuma kukasamba. Pa Luka 13 adatchula yekha za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu idawagwera, nakana kuti iwowo adali ochimwa koposa ena onse a mu Yerusalemu, natembenuzira chenjezo kwa amoyo amene adaima pamaso pake.

Nsanja imagwa pa zifukwa zimene amisiri angazitchule, ndipo phiri la Soche nalo lidagumuka pa zifukwa zimene ana a sukulu a ku Naotcha angaziwerenge pa zala. Mitengo ya m'nkhalango yotetezedwa ya m'phirimo idatha ndi nkhwangwa za nkhuni ndi makala. Mapuloti adagulitsidwa m'matsitso ndi m'njira za madzi. Ndipo amene adamanga kapena kuchita lendi kumeneko adatero chifukwa malipiro a ulonda, a ganyu ndi a geni ya pamsika sangafikire nyumba ya ku Namiwawa kapena ku Sunnyside. Ena mwa opulumuka abwereranso m'malo omwewo, popeza alibe kwina. Amene adalola, amene adagulitsa, amene adalonjeza malo atsopano, ndi pamene lonjezolo lafika lero, zonsezi zidachitika pansi pano, masana, pamaso pa mboni zimene zikali moyo, ndipo zingafunsidwe ku khonsolo ya mzinda, ku nthambi ya za nkhalango ndi kwa mafumu a m'deralo mvula ina isanagwe.